Carl Wilhelm Scheele ndi Botolo Lodyeka

Anzanga, tikalowa m'chipinda cha sayansi maso athu amathamangira mankhwala, koma botolo limene mankhwalawo alimo sitiliganizira konse. Imvani tsono mbiri ya munthu wanzeru amene botolo linamtchera msampha.

Carl Wilhelm Scheele anabadwa pa 9 Disembala 1742 mu mzinda wa Stralsund, umene masiku amenewo unali m'manja mwa mfumu ya Sweden. Sanafike ku sukulu yaikulu ayi. Ali ndi zaka 14 anamtumiza ku Gothenburg kukaphunzira ntchito yosakaniza ndi kugulitsa mankhwala. Usana anali kutumikira mwini sitolo, ndipo usiku anali kuwerenga mabuku ndi kuyesa yekha zimene anawerengazo. Atakhala kumeneko zaka 8 anapita ku Malmö, kenaka ku Stockholm, ndipo mu 1770 anafika ku Uppsala.

Mu 1771 anafalitsa zimene anapeza pa mwala wotchedwa fluorspar. Anapera mwalawo, nauika m'botolo la galasi la khosi lalitali, nathiramo asidi waukali wotchedwa sulphuric acid, naika botololo pamoto. Munatuluka mpweya wofuka ndi wotsamwitsa. M'mene mpweyawo unakhudza madzi a m'botolo lachiwiri, pamwamba pa madziwo panayalana kachikhokho koyera. Pochiyesa anapeza kuti chifanana ndi mchenga. Pamene anayang'ana botolo loyamba lija, anaona kuti mkati mwake mwadyeka.

Kodi mchengawo unachokera kuti? Apa mpamene Scheele anaphonya, pakuti anaganiza kuti asidi watsopano uja akakomana ndi madzi ndiye amabala mchenga. Mu 1781 Johann Christian Wiegleb wa ku Germany anaonetsa kuti unachokera m'galasi momwemo.

Lero tidziwa kuti zinayenda chotere. Fluorspar ndi sulphuric acid zipanga hydrofluoric acid. Asidi ameneyu amadya galasi, pakuti galasi alipanga ndi mchenga, ndipo mu mchenga muli silicon. Atomu imodzi ya silicon igwirana ndi maatomu 4 a fluorine, nisanduka mpweya wopanda mtundu wotchedwa silicon tetrafluoride. Mpweyawu ukafika m'madzi uphwasuka, nusiya mbali ina ya mchenga umene unanyamula. Kotero botolo la Scheele linali kusamuka pang'onopang'ono, kudzera m'khosi mwake momwe! Ndicho chifukwa chake masiku ano asidiyu amsunga m'mabotolo a pulasitiki.

Angakhale anaphonya potanthauzira, zimene anaona anazilemba moona ndi mosabisa kanthu, ndipo anzake anapeza poyambira. Fluorine yemweyo anabisalabe kufikira 1886, pamene Henri Moissan wa ku France anamlekanitsa payekha.

Scheele anapezanso oxygen Joseph Priestley wa ku England asanampeze, koma buku lake linachedwa kwa osindikiza kufikira 1777, ndipo mbiri inayamba yamveka ndi ya Priestley. Mu 1774 anapeza chlorine. Mu 1775 anamsankha kukhala mmodzi wa bungwe lalikulu la sayansi la Sweden, ndipo chaka chomwecho anakayendetsa sitolo ya mankhwala m'kamzinda ka Köping. Anakhala komweko moyo wake wonse wotsala.

Munthuyu anali ndi chizolowezi choipa cha kulawa ndi kununkhiza mankhwala amene anali kuyesa, ndipo ambiri aganiza kuti chimenechi chinafupikitsa moyo wake. Atatsala masiku 2 kuti amwalire anakwatira mkazi wamasiye wa mwini sitolo wakale, kuti chuma chitsale m'manja mwa mayiyo. Anamwalira pa 21 Meyi 1786, ali ndi zaka 43 zokha.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsono ife, aphunzitsi akatipatsa chinthu choti tiyese, tilembe chimene maso athu aona, chingakhale chisiyane ndi chimene tinayembekeza. Tiyang'anenso botolo. Koma za kulawa mankhwala, zimenezo timsiyire Scheele.