Charles Roscoe Savage, Wojambula Zithunzi ndi Bwenzi la Nkhalamba

Charles Roscoe Savage anabadwa pa 16 August 1832 m'mudzi waukuru wa Southampton, pa gombe la nyanja m'dziko la England. Atate wace anali wolima maluwa, munthu waumphawi ndithu; cifukwa cace mwanayo sanakhalitsa pa sukulu, koma anayamba nchito akali wamng'ono, nayendayenda kugulitsa mcere. Ali mnyamata anamva alaliki a mpingo wa Amormoni, umene unayambika ku America caka ca 1830 ndi Joseph Smith, nalowa mpingowo. Ziphunzitso zao zisiyana ndi za mipingo yina ya Cikristu pa zinthu zazikuru, pakuti pamodzi ndi Buku Lopatulika alandiranso buku lina lochedwa Buku la Mormon. Akuru a mpingo anamtuma kukalalikira ku Switzerland, ndipo caka ca 1856 anaoloka nyanja yaikuru, nafika ku New York.

Kumeneko anakwatira Annie Adkins, naphunziranso luso lojambula zithunzi, limene masiku aja linali lacilendo ndi lobvuta. Mmisiri anali kupaka mankhwala pa galasi, naliika m'makina ace likali lonyowa, najambula. Atatero anayenera kutsuka galasilo mumdima msanga, lisanaume. Galasi limodzi lotere linali ngati mbeu, pakuti kucokera pa ilo anatha kusindikiza zithunzi zambiri pa mapepala. Ciyambi ca Savage cinali cocepa: bulangeti anayesa nsaru yocinga kumbuyo kwa wojambulidwa, ndi bokosi la tii anayesa cipinda cace camdima. Ndi ndarama zimene anapeza motero anakonza ulendo wa pa ngolo ya ng'ombe, naoloka cipululu pamodzi ndi banja lace, nafika ku Salt Lake City, m'dziko la Utah, caka ca 1860.

Sanali munthu wokhala pansi. Caka ca 1866 anayenda ulendo wa mamailo pafupi 9,000: anapita ku San Francisco, nakwera combo kudzera ku Panama kufikira ku New York, nabwerera kwao pamtunda ndi ngolo imene anaisandutsa cipinda camdima. Mbiri ya ulendowo anailemba yekha m'magazini ya amisiri anzace yochedwa Philadelphia Photographer, ndipo analembanso nkhani m'nyuzipepala za kwao. Anajambula mapiri, mitsinje, midzi yatsopano, ndi eni dziko akale a mtundu wa Ute ndi mitundu yina.

Tsiku limene linabukitsa dzina lace ndilo 10 May 1869. Makampani awiri, Union Pacific ndi Central Pacific, anali kuyala njanji, ena kucokera kum'mawa, ena kucokera kumadzulo. Ndipo tsiku limenelo anakomana pa Promontory, m'dziko lomwelo la Utah, nalumikiza America kucokera ku nyanja kufikira ku nyanja inzace. Savage anali mmodzi wa amisiri atatu amene anajambula mwambowo, ndipo nyuzipepala ya Harper's Weekly inaonetsa anthu a kutali cimene maso ace anapenya.

Kunyumba anali tate wa ana ambiri, ndi woyimba m'gulu la oyimba a m'Tabernacle. Mwana wace Ralph anaphunzira luso la atate wace, nagwira nao nchito. Sikuyenera kubisa kuti Annie ali moyo Savage anakwatiranso akazi ena awiri, monga mwa ciphunzitso ca mitala cimene Amormoni anali naco masiku aja. Boma la America linalimbana naco kolimba, ndipo caka ca 1890 mtsogoleri wao Wilford Woodruff analengeza kuti cilekeke.

M'mwezi wa June 1883 tsoka linamgwera. Moto unabuka usiku pafupi ndi nyumba yace ya nchito, wonga umene unasungidwa pamenepo unaphulika, ndipo magalasi a zaka zoposa 20 anaonongeka. Munthu wa zaka 50 anayambanso monga mnyamata, namanga nyumba yina, nabwerera ku mapiri ndi makina ace. Anamwalira m'mwezi wa February 1909, ali ndi zaka 76. Ndipo caka ca 1911 moto wina unatentha magalasi a nchito yace yaciwiri. Zotsala lero ndizo zithunzi za pa mapepala zimene anagulitsa kwa anthu, ndi mabuku ace olembamo za tsiku ndi tsiku, amene asungidwa pa Brigham Young University ku Provo.

Koma inalipo nchito yina imene moto sunaikhudza. Popita ndi pobwera Savage anali kuona mai wina wokalamba ali khale pa khonde tsiku ndi tsiku, wosapita kwina kuli konse. Ndipo anaganizira nkhalamba zonse za m'mudzimo, zimene zinatha mphamvu zao pomanga mudzi, koma tsopano zaiwalika. Anakamba ndi Bishopu Edward Hunter ndi George Goddard, ndipo pa 14 May 1875 anakweza nkhalamba pa sitima ya pamtunda, napita nazo kukaceza ku nyanja ya mcere, Great Salt Lake, osalipira kanthu. Ici cinakhala mwambo wa caka ndi caka, wochedwa Tsiku la Nkhalamba. Ali yense wa zaka 70 kapena kuposapo anaitanidwa, osafunsa za mpingo wace kapena mtundu wace. Mwambowo unapitirira zaka zambiri iye atagona m'manda, ndipo caka ca 1936 anthu a mu Salt Lake City anaimika mwala wa cikumbutso wokhala ndi cifaniziro ca nkhope yace.

Makolo anati akuruakuru ndi m'dambo mozimira moto. Palibe mudzi wopanda nkhalamba yokhala yokha pa khonde. Ndipo kuicezera sikufuna sitima kapena cuma, koma munthu mmodzi amene popita pa njira aima, naona.