MOYO WA BAMBO ORTON CHIRWA, LOYA WOYAMBA M'DZIKO LATHU

Amai anzathu, ana athu akazi ambiri tsopano akuphunzira za malamulo, ndipo ena avala kale mikanjo yakuda naimira anthu pa bwalo la milandu. Pa chifukwa ichi taganiza kuti tikumbutsane za Bambo Orton Chirwa, amene anatisiya mu 1992. Mbiri yao siingakambidwe popanda kutchula akazi ao, Mai Vera Chirwa, pakuti Bambo anali loya woyamba wachikuda mu Nyasaland, ndipo Mai anadzakhala loya woyamba wachizimai m'Malawi muno. Nyumba imodzi inatulutsa onse awiri.

Bambo Orton Edgar Ching'oli Chirwa anabadwa pa 30 Januwale 1919 m'boma la Nkhata Bay. Anapitiriza sukulu kufikira ku Fort Hare ku South Africa, ndipo atabwerako anaphunzitsa pa sukulu ya aphunzitsi ku Domasi. Mu 1951 anamanga banja ndi Mai Vera, mwana wa Angoni a ku Mpoto, amene pa nthawiyo anali wa zaka 19 zokha. Patapita zaka ziwiri atsamunda anatikakamiza Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene anthu ambiri sanachifune. Bambo Chirwa anapita ku London, ndipo mu 1958 analandiridwa monga loya ku Lincoln's Inn. Mai nawo sanangokhala pakhomo. Iwo pamodzi ndi Mai Rose Chibambo anasonkhanitsa amai mu bungwe la amai la Congress.

Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa anatseka Nyasaland African Congress nagwira atsogoleri ake. Dr. Banda anawatengera ku Gwelo. Bambo ndi Mai Chirwa anamangidwanso. Bambo atatuluka chaka chomwecho anayambitsa Malawi Congress Party pa 30 Sepitembala, nakhala pulezidenti wake woyamba. Ana ambiri a masiku ano sadziwa zimenezi. Dr. Banda atamasulidwa mu Epulo 1960, Bambo Chirwa anawapatsa mpando uja popanda kulimbana. Ife tikuona kuti si amuna ambiri amene angasiye mpando umene anaupala okha.

M'boma latsopano anawapatsa kuyang'anira za chilungamo. Mu 1962 anakonza lamulo la mabwalo ang'onoang'ono, limene linachotsa milandu m'manja mwa mafumu ndi kuipereka kwa anthu osankhidwira nchitoyo. Mafumu ena sanakondwere nazo konse, ndipo nkhani imeneyi muisunge, idzabweranso. Pamene dziko linalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, iwo anali Nduna ya Zachilungamo ndiponso mkulu wa maloya a boma.

Chimwemwe sichinathe ngakhale miyezi itatu. Nduna zinayamba kutsutsana ndi Dr. Banda pa zinthu zingapo: ubwenzi wao ndi Apwitikizi a ku Mozambique, malipiro a anthu ogwira nchito m'boma, ndiponso tiki ija imene anati munthu aliyense azilipira pa chipatala. Amai achikulire akukumbukira kuti tiki sinali yapafupi kwa mai wa kumudzi wobereka mwana wodwala kumsana. Mu Sepitembala 1964 Bambo Chirwa anachotsedwa pamodzi ndi Bambo Kanyama Chiume, Bambo Augustine Bwanausi ndi Mai Rose Chibambo. Posakhalitsa anathawira ku Tanzania.

Ndi m'zaka zauchendo zimenezi m'mene Mai Vera anatsiriza maphunziro ao a malamulo ku London, nalandiridwa monga loya mu 1966. Taganizani, amai anzathu, munthu wapabanja, wa ana, mwamuna wake ali wothawa kwao, koma nakhala pansi kuwerenga mabuku akuluakulu a Chingerezi kufikira atapambana. Anagwira nchito ya uloya m'boma la Tanzania, ndipo pambuyo pake anaphunzitsa malamulo pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka. Dziko lao lenileni silinadye nawo zipatso za maphunzirowo kwa zaka zambiri. Bambo ankaimira anthu pa milandu ku Dar es Salaam, nayambitsanso gulu lotsutsa boma la Malawi lotchedwa MAFREMO.

Pa 24 Disembala 1981, usiku woti kucha ndi Khirisimasi, Bambo ndi Mai pamodzi ndi mwana wao Fumbani anagwidwa. Boma linati analowa okha m'Malawi cha ku Mchinji kudzagwetsa boma. Iwo anati anachita kubedwa ali mbali ya Zambia, kufupi ndi Chipata. Ife a kuno ku mapiri a Dedza tidziwa kuti malire nthawi zina ndi mseu chabe: popita ku Lizulu, tsidya lino ndi Malawi, tsidya linalo ndi Mozambique. Kumkoka munthu kuti aoloke si chinthu chovuta kwa anthu a mfuti.

Apa ndi pamene nkhani ya mafumu ija inabwerera. Mu 1969 boma linakonza mabwalo a miyambo, okhalamo mafumu, niliwapatsa mphamvu yoweruza milandu yaikulu, ngakhale ya kupha munthu, ndipo pambuyo pake ndi ya kuukira boma yomwe. M'mabwalo amenewa loya sankaloledwa kuimira woimbidwa mlandu, ndipo munthu sankatha kukadandaula ku High Court. Bwalo lotere ndi limene linazenga mlandu wa banja la Chirwa ku Blantyre kuyambira mu 1982. Maloya awiriwa anakanizidwa loya, nakanizidwanso kuitana mboni zao za kunja. Anadziyankhira okha, mwamuna ndi mkazi wake, miyezi yambiri. Mu Meyi 1983 onse awiri anagamulidwa kuti anyongedwe. Anakadandaula ku bwalo lalikulu la miyambo, koma mu Febuluwale 1984 chilango chinakhala chomwecho.

Anthu a maiko ambiri anawapempherera chifundo. Mpingo wa ku Scotland, kumene Dr. Banda anali mkulu wa mpingo, unatuma Mbusa Andrew Doig, amene kale anatumikira m'dziko muno, kudzapepesa. A Amnesty International nawo sanaleke kulemba makalata. Mu Juni 1984 chilango cha imfa chinasinthidwa kuti akhale m'ndende moyo wao wonse.

Za m'ndende ndi zomvetsa chisoni. Bambo Chirwa anasungidwa m'chipinda cha okha nthawi yaitali, ndipo nthawi zina ali ndi unyolo m'miyendo, munthu wa zaka zopitirira 60. Ife timadandaula ndi chisanu cha mwezi wa Juni tili ndi moto m'nyumba ndi bulangete lathu. Nanga nkhalamba yogona pa simenti? Chowawa koposa nchakuti ku ndende ya Zomba Bambo ndi Mai anali mu mpanda umodzi, koma osaloledwa kuonana. Amene muli pa banja mudziwa nokha kulemera kwake.

Pa 8 Malichi 1992 kalata ya Maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo zinthu zinayamba kugwedezeka. Mu Sepitembala chaka chomwecho kunabwera maloya ochokera ku Britain, naloledwa kulowa m'ndende. Tsiku limenelo Bambo ndi Mai anaonana, patapita zaka 8. Bambo anali ataonda, maso osaona bwino ndi makutu osamva bwino. Kumeneko kunali kutsazikana. Pa 20 Okutobala 1992 anamwalira m'ndende ya Zomba ali ndi zaka 73, ndipo Mai sanaloledwe kukaika maliro a amuna ao.

Mai Vera anatulutsidwa pa 24 Januwale 1993, atatha zaka 11 m'ndende. Pa 14 Juni anthu anavotera zipani zambiri, ndipo mabwalo akuluakulu a miyambo aja anatsekedwa. Mai sanapite kukapuma. Anayambitsa bungwe la Women's Voice ndi la Malawi CARER, lothandiza anthu osauka kudziwa ufulu wao, ndipo mu 2000 bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu linawatuma kuyendera ndende za m'maiko a mu Africa. Njira imene anaitsegula inapitidwa ndi ena. Mai Anastasia Msosa anatsogolera bungwe loyendetsa chisankho cha 1994, nakhala Jaji Wamkulu woyamba wachizimai mu 2013. Maloya achizimai anapangananso bungwe lao, la Women Lawyers Association, ndipo ndi iwo amene anaimira amai ndi atsikana 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu amene anachitidwa zachipongwe ndi apolisi mu 2019. Mu Ogasiti 2020 High Court inalamula kuti amaiwo apatsidwe chipepeso.