James Madison, Munthu Amene Ankaopa Unyinji

Tikamva mawu oti demokalase, ambirife timangoganiza za mavoti: amene achuluka ndiwo alamula. James Madison ankaona kuti unyinji ukhoza kupondereza anthu ngati mfumu yankhanza, ndipo ntchito yake yaikulu inali kufuna njira youmanga manja.

Anabadwa pa 16 Malichi 1751 ku Virginia, ndipo anaphunzira ku College of New Jersey, yomwe lero ndi Princeton. Atabwerera kwawo anapeza alaliki a Baptist akutsekeredwa m'ndende chifukwa cholalikira popanda chilolezo, poti mpingo wa boma unali wa Anglican. Zimenezi zinamuwawa mtima.

Mu 1776, pokonza chikalata cha ufulu wa anthu a ku Virginia, George Mason analemba kuti boma lizilolera zipembedzo zonse. Madison, ali ndi zaka 25 zokha, anakakamira kuti mawuwo asinthidwe. Kuloleredwa ndi chifundo cha wolamulira, ndipo wopatsa akhoza kulanda. Kupembedza ndi ufulu wobadwa nawo. Ife osunga Sabata, amene timakhala ochepa pafupifupi kulikonse, kusiyana kumeneku sitifunika kuchita kuuzidwa.

Mu 1784 Patrick Henry anachirikiza msonkho wolipirira aphunzitsi a Chikhristu, wokhoma aliyense n'kusankha yekha mpingo woti ulandire. Ambiri anaona ngati zabwino. Madison anatsutsa polemba mu 1785 kuti boma lomwe lingakweze Chikhristu lero likhozanso kukweza mpingo umodzi mawa. Biluyo inafa, ndipo mu 1786 anathandiza kudutsitsa lamulo la Thomas Jefferson la ufulu wachipembedzo.

Ku msonkhano wa ku Philadelphia mu 1787 maganizo ake ndiwo anali poyambira pa malamulo oyendetsera dziko la United States: mphamvu zigawidwe pakati pa opanga malamulo, olamulira ndi makhothi, kuti aliyense azitchinga mnzake. Mu 1789 anapereka mfundo zowonjezera, ndipo yoyamba mwa zomwe zinavomerezedwa mu 1791 imaletsa nyumba ya malamulo kukhazikitsa chipembedzo. A. T. Jones wa mpingo wathu anatsamira mfundo zomwezi mu 1888 potsutsa bilu ya Senator Henry Blair yokakamiza kupuma Lamulungu.

Anakhala mtsogoleri wa dzikolo kuyambira 1809 mpaka 1817. Koma ufulu ankaunenawo sunafike pakhomo pake. Pa munda wake wa Montpelier panali akapolo pafupifupi 100, ndipo pomwalira pa 28 Juni 1836 sanawamasule, anawasiyira mkazi wake Dolley ngati chuma chamasiye.