Mayi Mary Alphonsa, Mlezi wa Odwala Osachira

Rose Hawthorne anabadwa pa 20 Meyi 1851 ku Lenox, m'dziko la America. Bambo awo, a Nathaniel Hawthorne, anali mlembi wotchuka wa mabuku. Mu 1871 anakwatiwa ndi a George Lathrop, koma banjalo linaona zowawa. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Francis, anamwalira mu 1881 akadali wamng'ono, ndipo bambo a m'nyumba analowerera m'mowa. Awiriwa analowa Mpingo wa Katolika mu 1891, koma patapita zaka zochepa anapatukana.

Masiku amenewo anthu ambiri ku New York ankakhulupirira kuti khansa ndi matenda opatsirana. Madokotala akaona kuti munthu sachira, ankamutulutsa m'chipatala. Ngati anali wosauka, ankasowa kolowera, poti ngakhale abale ake ena ankaopa kumuyandikira.

Mu 1896, ali ndi zaka 45, Mayi Rose anapita ku New York Cancer Hospital kukaphunzira kutsuka ndi kumanga zilonda. Atamaliza anachita lendi tizipinda ku Lower East Side, dera la anthu osauka, nayamba kulandira odwala. Posakhalitsa mtsikana wina wojambula zithunzi, Alice Huber, anabwera kudzawathandiza.

Iwo sankalonjeza munthu kuti achira. Ankamusambitsa, kumumanga zilonda, kumudyetsa, kumuchepetsera ululu, ndi kukhala pambali pake mpaka tsiku lomaliza. Ankalandira aliyense posayang'ana mtundu kapena chipembedzo. Lamulo lawo linali lakuti asalandire ndalama kwa wodwala kapena kwa abale ake, kuti banja lotopa kale ndi kudwazika lisalowenso m'ngongole. Thandizo ankalipempha kwa anthu akufuna kwabwino polemba m'nyuzipepala.

A George anamwalira mu 1898. Chaka chotsatira Mayi Rose anatsekula nyumba ya odwala yotchedwa St. Rose's Free Home. Pa 8 Disembala 1900 iwo ndi Alice anachita malumbiro awo monga asisitere a chipani cha Dominiko Woyera. Dzina lawo la usisitere linali Mary Alphonsa. Mu 1901 anatsekula nyumba yachiwiri, Rosary Hill Home, kumpoto kwa mzinda wa New York, ndipo komweko ndi kumene anamwalirira pa 9 Julayi 1926. Asisitere awo akupitirizabe ntchitoyi mwaulere mpaka lero. Mu 2024 Papa Fransisko anawatchula kuti Wolemekezeka, lomwe ndi gawo la panjira yowalengeza kukhala woyera.

Moyo wa Mayi Alphonsa ukuonetsa kuti mankhwala ochiritsa akalephera, chisamaliro sichithera pomwepo. M'miphakati muli mabanja amene akudwazika m'bale wawo mwakachetechete. Akufunika wowathandiza kuchapa, wowapatsa mpata wopuma, wowaperekeza kuchipatala kukatenga mankhwala a ululu, komanso woitana wansembe kudzadzoza wodwalayo nthawi ikadalipo.