Carl Wilhelm Scheele

Carl Wilhelm Scheele (9 Disembala 1742 – 21 Meyi 1786) anali wogulitsa mankhwala komanso katswiri wa Chemistry wa ku Sweden. Iye ndi munthu woyamba kupanga mpweya wa klorini, ndipo anapezanso okosijeni ena asanaupeze, ngakhale kuti mbiri yabwino inapita kwa anthu ena.

Ubwana wake

Scheele anabadwira ku Stralsund, mzinda womwe pa nthawiyo unali pansi pa ulamuliro wa Sweden koma lero uli ku Germany. Ali ndi zaka 14 anapita ku Gothenburg kukaphunzira ntchito yosakaniza mankhwala m'sitolo. Sanapite ku yunivesite. Usiku ankawerenga mabuku a Chemistry ndi kuyesa yekha zomwe wawerengazo. Anagwiranso ntchito ku Malmö, Stockholm ndi Uppsala, kenaka mu 1775 anakakhazikika ku Köping.

Okosijeni

Cha m'ma 1772, Scheele anatenthetsa mankhwala monga mercury oxide ndi potassium nitrate. Munatuluka mpweya wopanda mtundu womwe unkachititsa kandulo kuyaka mwamphamvu, ndipo anautcha mpweya wa moto. Buku lake lofotokoza zimenezi linachedwa kusindikizidwa mpaka mu 1777. Apa n'kuti Joseph Priestley wa ku England atalengeza kale za mpweya womwewo mu 1775, choncho mabuku ambiri amatchula Priestley.

Klorini

Mu 1774 anathira hydrochloric acid pa mwala wa pyrolusite, womwe ndi manganese dioxide. Munatuluka mpweya wobiriwira mosakanikirana ndi chikasu, wa fungo lotsamwitsa. Anaona kuti umasulutsa mtundu wa masamba ndi maluwa. Njira imeneyi ndi imene ophunzira a kusekondale amaphunzira mpaka lero:

MnO₂ + 4HCl → MnCl₂ + Cl₂ + 2H₂O

Popeza klorini ndi wolemera kuposa mpweya wamba, amautolera m'botolo loyang'ana kumwamba. Scheele sanazindikire kuti wapeza elementi yatsopano. Amene anatsimikiza zimenezi ndi Humphry Davy mu 1810, ndipo ndiye anaupatsa dzina. Klorini ali m'gulu la mahalojeni pamodzi ndi fluorine, bromine ndi iodine.

Imfa yake

Scheele anali ndi chizolowezi chonunkhiza ndi kulawa mankhwala omwe wapanga, ndipo ankagwira ntchito ndi zinthu zapoizoni monga arsenic, mercury ndi hydrogen cyanide. Anthu ambiri amakhulupirira kuti zimenezi ndi zomwe zinawononga thanzi lake. Anamwalira ku Köping ali ndi zaka 43, patangopita masiku awiri chikwatirireni Sara Margaretha Pohl, mkazi wamasiye wa mwini sitolo wakale.

Masiku ano mankhwala a klorini ndi omwe amathira m'madzi akumwa pofuna kupha tizilombo toyambitsa kolera. Ku Malawi, alangizi a zaumoyo amagawa mankhwalawa m'midzi, makamaka m'maboma omwe madzi amasefukira nthawi ya dzinja monga Phalombe, Nsanje ndi Chikwawa.