Ambuye Louis Auneau, Episkopi wa Dera la Shire

Akristu anzathu a ku Milepa, dzina la Ambuye Auneau tinalimva kwa makolo athu, koma ambiri a ife sitidziwa bwino ntchito zao. Iwo anabadwira ku France m'chaka cha 1876, nalowa m'chipani cha Abambo a Montfort, nadza ku Nyasaland akali ndi mphamvu za unyamata. Mu 1910 Papa anawaika akhale Episkopi wa dera la Shire.

Mu Januwale 1915, pa nkhondo ya John Chilembwe, mishoni yathu ya Nguludi inatenthedwa. Ambuye sanataye mtima ai, anaimanganso.

Pambuyo pake chinawavuta china. Anyamata athu akatsiriza Standard 6 ankasowa kopita, pakuti sukulu yapamwamba ya ku Blantyre inali m'manja mwa mipingo ina. Tsono mu 1942 anatsegula sukulu ya sekondale ya anyamata ku Zomba, imene anthu aitcha Box 2. Inayamba ndi ana owerengeka okha. Mu 1952 Abulazala a Marist anailandira, naonjeza zipinda zophunziriramo ndi nyumba zogonamo ana. Pamenepo n'kuti Ambuye atatula kale udindo chifukwa cha ukalamba. Anamwalira mu 1959.