Louis Braille: mnyamata amene anakakamira timadontho 6

Anzanga a m'kalabu, musanapitirize kuwerenga, tatsekani kaye maso muyendetse chala pa foni yanuyo. Chala sichikumva kanthu, eti? Umu ndi mmene buku linalili kwa mwana wina wa ku France zaka 200 zapitazo. Pamisonkhano yathu timakonda kunena zoti munthu akaikapo maganizo amafika pomwe akufuna, koma nthawi zambiri timangothera pa mawu okomawo basi. Moyo wa Louis Braille ukuonetsani mmene kuikapo maganizoko kumakhalira tsiku ndi tsiku.

Louis anabadwa pa 4 Januwale 1809 m'mudzi wa Coupvray, kum'mawa kwa mzinda wa Paris. Bambo ake ankasoka zikopa zomangira akavalo. Ali ndi zaka 3 analowa mogwirira ntchito mwa bambo akewo, natenga chida chosongoka choboolera zikopa kuti ayesere zomwe ankaona akulu akuchita. Chidacho chinaphonya n'kumubaya diso. Bala linanyeka, matenda anafalikira ku diso linalo, ndipo pofika zaka 5 sankaonanso.

Masiku amenewo mwana wosaona wa kumudzi ankangoyembekezera moyo wopemphapempha. Makolo ake anakana zimenezo. Anamutumiza kusukulu ya m'mudzimo komwe ankakhala limodzi ndi ana oona, iye n'kumangomvetsera ndi kusunga zonse m'mutu. Mu 1819, ali ndi zaka 10, anapeza malo pasukulu ya ana osaona ku Paris, yomwe anaiyambitsa Valentin Haüy.

Mwina mukuti apa ndiye zinamuyendera. Ayi ndithu. Nyumba ya sukuluyo inali yakale ndi yachinyontho, ndipo mabuku ake ndi amene ankagwetsa ulesi kwambiri. Ankadinda zilembo wamba, monga izi mukuwerengazi, koma zikuluzikulu ndi zotukuka kuti chala chizizilondola. Buku limodzi linkakhala chimtolo cholemera, mabukuwo anali owerengeka, ndipo pofika kumapeto kwa chiganizo mwana ankakhala ataiwala poyambira. Choipitsitsa n'chakuti njirayi inali yowerengera chabe. Mwana sakanatha kulemba kanthu kake n'kudzakawerenganso yekha mawa.

Mu 1821 pasukulupo panafika njira ina yomwe anaikonza Charles Barbier, yemwe kale anali msilikali. Iyi sinkagwiritsa ntchito zilembo wamba koma timadontho totukuka tobooledwa papepala, ndipo chizindikiro chimodzi chinkatha kukhala ndi timadontho tofika 12. Ana anaikonda poti chala chimamva kadontho msanga kuposa mzere wokhotakhota. Louis, ali ndi zaka 12, anaona pomwe pankavuta: chizindikirocho chinali chachitali kwambiri moti nsonga ya chala sinkachiphimba chonse nthawi imodzi. Unkayenera kutsetsereka nacho, kuwerenga timadontho, kenako n'kuganiza kuti kodi chimenechi n'chiyani.

Apa ndi pamene ndikufuna muyang'anitsitse. Mnyamatayu sanadziikire cholinga chachikulu chosagwirika monga kudzakhala munthu wotchuka. Anasankha vuto limodzi lodziwika bwino, loti chilembo chilichonse chikwane pansi pa nsonga ya chala, ndipo anakhala nalo zaka zitatu. Masana anali m'kalasi ngati anzake onse. Nthawi yake yopuma, ngakhalenso patchuthi kwawo ku Coupvray, ankaithera pa pepala ndi kachitsulo koboolera, kuyesa, kutaya, kuyambiranso. Tangoganizani, kachitsuloko kanali kofanana ndithu ndi chida chija chinamuchotsera maso.

Pofika 1824, ali ndi zaka 15, anali atapeza yankho. Anadula timadontho tija n'kutsala ndi 6, mizere iwiri yoimirira, uliwonse wa timadontho titatu. Kachigawo kakang'ono kameneka kamatulutsa zizindikiro 63 zosiyana, kutengera timadontho tomwe mwatukula ndi tomwe mwatisiya. Zimenezi n'zokwanira zilembo zonse, manambala, zizindikiro za m'kalembedwe, mpaka manotsi a nyimbo. Polemba, munthu amaboola kumbuyo kwa pepala kuchokera kumanja kupita kumanzere, kenako n'kulitembenuza kuti awerenge kuchokera kumanzere. Ndiye kuti chilembo chilichonse amachidziwa mbali ziwiri. Amene mumadandaula ndi masamu a Fomu 3, mwaimva imeneyo?

Anasindikiza njira yakeyo mu 1829, ndipo sanabise kuti maganizo a timadontho anawatenga kwa Barbier. Chimene chimandigometsa ine n'chimene anachita pambuyo pake. M'buku loyambalo zizindikiro zina zinali ndi timizere pamodzi ndi timadontho. Ataona kuti timizereto tikuvutitsa zala, anatichotsa m'buku lachiwiri la 1837. Ambirife tikapanga kanthu n'kuyamikiridwa, sitifunanso kumva zoti pena pake mpolakwika. Iye anabwereranso ku ntchito yake yomwe n'kudula chomwe sichinkathandiza.

Anakhala mphunzitsi pasukulu yomweyo, kuphunzitsa mbiri yakale ndi masamu, komanso ankaimba limba m'matchalitchi a mu Paris. Mukanayembekezera kuti akuluakulu a sukulu amuwombera m'manja, koma zinthu zinavuta. Aphunzitsi ena oona sanafune kalembedwe komwe iwo sakanatha kukawerenga mosavuta, ndipo ankati anthu osaona azigwiritsa ntchito zilembo zofanana ndi za wina aliyense. Mkulu watsopano wa sukuluyo, Pierre-Armand Dufau, atalowa mu 1840 analetsa njira ya timadontho. Ana sanaisiye. Ankalemberana mobisa, kuphunzitsana okhaokha, chifukwa zala zawo zinali zitadziwa kale chimene chikuwathandiza. Patapita zaka zochepa mkuluyo anafewa, koma kuivomereza mwalamulo kunachedwabe.

Nthawi yonseyi Louis ankadwala chifuwa chachikulu. Thupi linkafooka chaka ndi chaka mpaka anachepetsa zophunzitsa, koma sanasiye kukonza ntchito yake. Anapezanso njira ina ya timadontho yoti munthu wosaona azilembera kalata munthu woona.

Anamwalira pa 6 Januwale 1852, patangodutsa masiku awiri atakwanitsa zaka 43. Sukulu yake yomwe inavomereza kalembedweka mwalamulo mu 1854, mwini wake atagona kale zaka ziwiri. Sindikubisirani, mbali imeneyi imawawa. Anagwira ntchito zaka pafupifupi 30 osaona dziko likuilandira, ndipo chomwe anali nacho chinali umboni wa ana a m'kalasi mwake amene ankawerenga ndi kulemba paokha.

Lero kalembedwe ka Braille kakugwiritsidwa ntchito m'zinenero zambiri padziko lonse, ndipo kuno kwathu aphunzitsi a ana osaona amakaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Tsiku lake lobadwa, pa 4 Januwale, ndi tsiku lokumbukira kalembedweka padziko lonse. Mu 1952, patatha zaka 100 chimwalirireni, boma la France linasamutsa mafupa ake kupita nawo ku Panthéon mu Paris, komwe amaika anthu olemekezeka a dzikolo. Anthu a ku Coupvray anapempha kuti asatengedwe yense, ndipo mafupa a manja ake anatsala kumudzi kwawo.